Makina oyankhulana okhaokha kuseri kwa foni yanu

Mayi anga amakhala kufupi ndi Nkando, ndipo mayunitsi awo a magetsi amakonda kutha madzulo, ana ali pa mabuku. Kukangoti bii, amandiimbira. Ine ndimakhala ndili pa Chitakale, m'sitolo ya achemwali anga momwe ndimalemba mabuku a malonda. Ndimadina *211#, kusankha zolipira, kulemba nambala ya mita ndi ndalama, kenako nambala yanga yachinsinsi. Mphindi isanathe uthenga wafika, uli ndi manambala 20. Ndikamawawerengera iwo ali kudina pa mita, ndimamva adzukulu akukuwa kuti ayaka.

Tsiku lina anandifunsa kuti, "Kodi mwanawe, amene amakupatsa manambalayu sagona?" Funso limenelo ndi limene linandichititsa kufufuza. Palibe munthu wokhala pa desiki usiku kudikira mita ya amayi. Amene amagwira ntchitoyi ndi makompyuta a makampani osiyana, ndipo amayankhulana okhaokha. Kompyuta ya Airtel imadziwa ndalama zimene ndili nazo, koma kupanga tokeni siidziwa. Ya ESCOM imadziwa mita iliyonse ndiponso kapangidwe ka tokeni, koma za m'foni mwanga ilibe nazo ntchito. Yoyambayo imafunsa ngati mita yakuti ilipo. Inzake ikavomera, yoyamba ija imachotsa ndalama n'kunena kuti zalipidwa, tipatseni tokeni. Nthawi zambiri pakati pawo pamakhalanso kampani ina yongonyamula mauthengawo.

Ntchito imene kompyuta ina imagwirira inzake kudzera pa netiweki motere akatswiri amaitcha web service, ndipo khomo limene pempholo limalowera ndi API. Kumanga dongosolo lonse la kampani kuti likhale timagawo totere, kalikonse ndi ntchito yake imodzi, ndiko amati service-oriented architecture. Njirayi inafala m'mabanki ndi m'makampani akuluakulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000.

Mawuwo ndi olemera pakamwa, koma munthu wa ku Mulanje kuno nzeruyo waiona kale m'munda wa tiyi. Wothyola amathyola. Wa pa sikelo amayeza kulemera kwa masamba, kalaliki n'kulemba makilo pa nambala ya wothyolayo. Dalaivala amanyamula kupita ku fakitale, ndipo a ku ofesi ya malipiro amawerengera ndalama osaonako tsamba ngakhale limodzi. Chimawalumikiza onsewa ndi nambala ndi makilo, zolembedwa m'njira imene aliyense anagwirizana. Dalaivala akadwala, wina amakwera galimoto ntchito n'kupitirira. Wa pa sikelo safunika kudziwa ngongole ya wothyola, ndipo salinso ndi kiyi wa ku sefa. Makompyuta aja amagawana ntchito chimodzimodzi: ESCOM ikhoza kusintha makina ake onse, bola khomo lija lisasinthe, ine pa Chitakale sindidziwa n'komwe. Ndipo khomo lomwelo likhoza kulandira wa Mpamba, wa Mo626 ndi wa banki ina iliyonse imene yapatsidwa chilolezo.

Izi sizakale kuno kwathu. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013. Masiku amenewo aliyense anali ndi mpanda wake. Nthawi zambiri amene anali ndi khadi la banki ina ankadutsa makina a ATM a banki ina ngati akudutsa munda wa eni ake. Mu 2015 mabanki anakhazikitsa National Switch, imene ambiri amangoti Natswitch, ndipo pambuyo pake makampani a ndalama za pa foni analumikizidwanso. Ine ndimaiona ngati nkhoswe. Mabanja akakhala ndi nkhani salowerana m'nyumba, amadzera kwa ankhoswe, amene amamva mbali zonse ndi kusunga zimene zanenedwa. Masamu ake ndi osavuta: mabanki asanu ndi atatu atati aliyense alumikizane ndi mnzake payekhapayekha, pangafunike njira 28. Atadzera kwa nkhoswe mmodzi, njira zisanu ndi zitatu zakwana. Njira zikachepa, zimalondedwanso bwino.

Pa chitetezo m'pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa tinapsapo. Loweruka lina, sitolo itadzaza, kunabwera bambo wovala bwino natenga bale la shuga ndi mafuta ophikira. Anati alipira pa foni. Foni ya achemwali inalira, iwo anangoona dzina ndi ndalama pamwamba pa uthenga, n'kumuthandiza kukweza katundu pa kabaza. Madzulo ndikutseka mabuku ndinapeza kuti ndalamayo kulibe. Uthenga uja unachokera pa nambala wamba, wolembedwa ndi zala, wofanana ndi weniweni mpaka timadontho. Achemwali sanadye usiku umenewo.

Zimene ndinaphunzira pambuyo pake n'zakuti makina aja sanganamizidwe m'njira yotere, chifukwa sakhulupirira maonekedwe a uthenga. Kompyuta ikagogoda pa khomo la inzake imayamba yasonyeza kiyi wake wachinsinsi, amene anaperekedwa kwa iyo yokha, ndipo kiyiyo amatsegula zokhazo zimene inaloledwa. Uthenga umayenda wosokonezedwa dala, kotero kuti woutchera m'njira amangoona zilembo zopanda tanthauzo. Malipiro alionse amakhala ndi nambala yakeyake, ija yaitali imene ambirife sitiwerenga. Netiweki ikaduka pakati, pempho n'kutumizidwanso, nambalayo ndi imene imauza kompyuta kuti ili ndalilandira kale, musachotse kawiri. Ndi yomweyonso imene amakufunsani mukapita kukadandaula kuti ndalama zachoka koma sizinafike, chifukwa mbali iliyonse inalemba nthawi ndi yankho lake. Nambala yanu yachinsinsi imathera kwa amene akusunga ndalama zanu. ESCOM siiona, wogulitsa saiona, ndipo palibe wa ku ofesi amene ali ndi chifukwa choifunsira pa foni.

Atambwali akudziwa kuti makomo a makinawa ndi olimba, n'chifukwa chake amalowera kwa munthu. Amaimba kuti mwapata mphoto, kuti atumiza ndalama molakwitsa muwabwezere, kuti mwana wanu wagonekedwa m'chipatala. Malamulo alipo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la njira zolipirira, limene limapatsa Reserve Bank of Malawi mphamvu zoyang'anira onse oyendetsa ndalama, komanso lamulo la malonda a pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala zonse za foni zilembetsedwe, chitupa cha unzika chitangoperekedwa chaka cha 2017. Zonsezi zathandiza, koma lamulo limafika shuga atapita kale.

Dandaulo langa n'lakuti makomo amenewa atsegukira akuluakulu, ife ang'onoang'ono tikadali kusuzumira pa zenera. Sitolo ngati yathu, sukulu ya mkaka, loji ya ku Likhubula yolandira okwera phiri, gulu la alimi a tiyi kapena a nanazi, onsewa akanapindula buku lawo likanamalandira chitsimikizo kuchokera ku makina enieniwo, osati ku maso a munthu wotopa. Ku Kenya, komwe M-Pesa inayamba mu 2007, kampani ya Safaricom inatsegula khomo lotchedwa Daraja, kutanthauza mlatho m'Chiswahili, kuti wopanga mapulogalamu aliyense alumikize bizinesi yake. Kunonso makomo otere ayamba kuoneka, ndipo achinyamata otha ntchitoyi alipo, ena ochokera ku yunivesite ya MUST kwa aneba athu ku Thyolo. Chosowa n'chakuti mitengo yolumikizira itsike, ndi kuti malangizo ake afotokozedwe m'Chichewa chimene msungichuma wa gulu kwa Mabuka angamve. Tisaiwalenso kuti zonsezi zimadalira magetsi ndi nsanja za netiweki. Namondwe wa Freddy atatigwera mu Malichi 2023, panali anthu amene anali ndi ndalama m'foni koma osatha kugula ngakhale mchere.

Ife pa sitolo tinachita zimene tingathe. Tinatenga nambala ya malonda m'malo molandirira pa nambala ya achemwali, ndipo katundu satuluka mpaka titadina tokha n'kuona kuti ndalama zakwera. Makasitomala ena amakwiya, amati tikuwayesa akuba. Achemwali amawapatsa mpando. Nambala yaitali ija ndimailemba m'buku pambali pa malonda alionse, ndipo amayi nawo ndinawagulira kope laling'ono lolembamo matokeni. Amalisunga m'chitini cha tiyi pamwamba pa kabati.