NJIRA YA KATUMBU

Dziko la Zambia liribe nyanja ya mcere. Ana okhala pafupi ndi Bangweulu kapena Mweru adziwa kuti madzi amaculuka ndi mvula, natsika m'malimwe. Koma nyanja zazikuru za mcere ziri ndi mkhalidwe wina: madzi ace amadzala ndi kuphwa kawiri pa tsiku limodzi. Munthu woyenda m'mbali mwa nyanja yotere ayenera kuudziwa bwino mkhalidwe umenewu, pakuti akaunyozera angathe kutaya moyo wace.

Ku South Africa, pa gombe la kumwera loyang'anana ndi Nyanja ya India, kuli njira ya miyendo yochedwa Otter Trail, ndiko kunena kuti Njira ya Katumbu. Njirayi inatsegulidwa m'caka ca 1968 m'dera la Tsitsikamma, limene boma linayamba kulisunga mu 1964. Kuyambira 2009 derali liri mbali ya Garden Route National Park. Njira iyamba pamene mtsinje wa Storms uthira m'nyanja, nikathera pa mudzi wa Nature's Valley. Utali wace upitirira makilomita 40, ndipo ulendo wonse utenga masiku 5. Pa tsiku limodzi amalola anthu 12 okha kuyamba ulendowu, kuti malowo angaonongeke ndi unyinji wa anthu. Usiku amagona m'tinyumba tamatabwa, ndipo yense amabereka yekha cakudya cace, zobvala ndi zofunda.

Njirayi si yosalala ai. Pena ikwera zitunda za nkhalango yowirira, pena itsikira ku timagombe tobisika pakati pa matanthwe, pena idzera pamcenga. Kuti anthu angasokere, pamiyala panalembedwa mapazi a katumbu ndi utoto wacikasu. Katumbu wa kumeneko ndi wa mtundu womwewo wopezeka m'mitsinje ya m'Zambia. Iye amasaka nkhanu m'nyanja, koma sakhala kutali ndi mtsinje, cifukwa afuna madzi opanda mcere akumwa ndi akusambamo. Mitsinje ya m'deralo iri ndi madzi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Mtundu umenewu ucokera ku masamba ndi mizu ya zomera za m'mapiri.

Kodi cimene cidzazitsa nyanja ndi kuiphwetsa n'ciani? Ndiwo mwezi. Mwezi uli ndi mphamvu yakukoka zinthu, ndipo umakoka madzi a m'nyanja, kotero kuti amatundumuka ku mbali ya dziko yoyang'anana ndi mwezi, ndi ku mbali ya kutseri kwacenso. Popeza dziko lizungulira, gombe liri lonse lipyola m'malo awiri otundumukawo tsiku ndi tsiku. Madzi akadzala, papita maora 6 ndi mphindi zowerengeka kuti aphwe, ndi maora ena 6 kuti adzalenso. Mawa lace zonsezi zimacedwa ndi mphindi ngati 50, monga momwe mwezi umacedwera kuturuka. Dzuwa limakokanso madzi, koma mphamvu yace pa nchito imeneyi icepa. Mwezi ukakhala watsopano, kapena ukakhala wathunthu, dzuwa ndi mwezi zikoka mothandizana. Pamenepo nyanja imadzala kopambana, niphwanso kopambana. Nyanja za m'Zambia nazonso zikokedwa, koma n'zazing'ono, motero kusintha kwa madzi ace sikuoneka ndi maso.

Nyanja ikaphwa, madzi ena amatsalira m'maenje a m'matanthwe, nasanduka timaiwe toyera mbee. Apa ndipo apaulendo amatula akatundu ao nagwada kuti apenyetsetse. Muli tinsomba, nkhanu, nkhono zomamatira pamwala, ndi kanyama ka manja 5 kooneka ngati nyenyezi. Mulinso kanyama kena konga duwa. Kansomba kakakhudza timanja tace, timanjato timakagwira ndi kukalowetsa m'kamwa. Moyo wa m'timaiwemu ngwobvuta. Dzuwa likatentha madzi amafunda, ena nauma, mcere nuculuka. Ndipo nyanja ikabwera, mafunde amamenya mwamphamvu. Cifukwa cace nkhono zimakanirira pamwala ndi kutsekera cinyezi m'zigoba zace kufikira madzi atabweranso. Alendo saloledwa kucotsa kanthu m'timaiwemu. Ndiponso munthu wanzeru safulatira nyanja pamene ali pamatanthwe, pakuti funde limodzi lalikuru lingathe kumgwetsa ndi kumkokera m'madzi akuya.

Tsiku lacinai ndilo loopsa koposa. Mtunda wa tsikulo ndi makilomita pafupifupi 14, ndipo atayenda makilomita 10 apaulendo amafika pa mtsinje wa Bloukrans, umene uli malire a zigawo za Eastern Cape ndi Western Cape. Pamene njira idutsira mtsinjewu palibe ulalo, ndipo ndi pafupi ndi nyanja. Nyanja ikaphwa, kawirikawiri munthu amaoloka akuponda pansi. Koma ikadzala, madzi a mcere amalowa mumtsinje, mafunde namenya matanthwe a tsidya lija, ndipo ngakhale wodziwa kusambira akhoza kumira.

Motero madzulo a tsiku lacitatu apaulendo amakhala pansi ndi pepala losonyeza nthawi za kudzala ndi kuphwa kwa nyanja. Amayamba apeza ora limene nyanja idzaphwa mawa, nacotsapo maora 4 kapena 5 a kuyenda, ndipo yankho lace ndiyo nthawi yonyamukira. Ngati nyanja idzaphwa pa 8 koloko m'mawa, ayenera kulawira tambala asanalire, nayenda mumdima ndi nyali pamphumi. Pofika pamtsinje amaika akatundu m'matumba akuru osalowa madzi, namanga kukamwa kwace, kuti akatunduwo ayandame. Amaoloka pamodzi, amphamvu akuthandiza ofoka.

Nthawi zina anthu amacedwa, kapena mtsinje umasefukira ndi mvula ya kumapiri. Zikatero ayenera kulinda maora ambiri kufikira nyanja itaphwanso, kapena kukwera kanjira kopulumukira kamene kanakonzedwa pafupi ndi mtsinjewo, kopita pamwamba pa phiri. Kubwerera pamtsinje si camanyazi. Wolimbana ndi madziwo aika pangozi moyo wace ndi wa anzace omwe adzayesa kumpulumutsa.

Tsiku lacisanu njira idzera pamwamba pa maphompho, pamene m'miyezi ya June kufikira November anthu amatha kuona anamgumi akusewera m'nyanja. Pomariza itsikira ku mcenga wa Nature's Valley. Pamenepo apaulendo amabvula nsapato, nayenda pamcenga wonyowa kufikira kumudzi.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji anthu 12 okha aloledwa kuyamba ulendowu pa tsiku?
2. Fotokozani m'mene mwezi udzazitsira nyanja.
3. Chulani mabvuto awiri a tinyama ta m'timaiwe.
4. Ngati lero nyanja yaphwa pa 9 koloko m'mawa, mawa idzaphwa nthawi yanji?
5. Apaulendo acite ciani akafika pa Bloukrans nyanja itadzala?