Tinatsala pang'ono kufufuta mabuku a kalabu ya fodya pa foni

"Mphwanga, kwatulukira chinthu."

"Chinthu chanji, malume?"

"Chabuluu. Chili ndi zolembalemba."

Umu ndi mmene linayambira Loweruka langa, ine ndili ku Lilongwe, amalume ali kwawo kufupi ndi Chamama m'boma la Kasungu, pakati pathu pali WhatsApp ndi netiweki yobwera ndi kupita.

Amalume ndi mlembi wa kalabu ya alimi a fodya wa bale. Mu laputopu yawo yakaunjika ndi momwe muli zonse: amene anatenga feteleza pangongole, mabelo a aliyense, ndi ndalama zimene zinatuluka kumsika wa Chinkhoma. Hadi disiki yake itayamba kulira kuti tcheketcheke, ndinadziwa kuti ili kumapeto. Ikafa, kalabu ikanatsala ndi mikangano yokhayokha.

Tinagwirizana zokopera zonse, Windows ndi mafailo omwe, kupita pa disiki yatsopano ya SSD. Ndinaitumiza pa minibasi pamodzi ndi kachingwe kake ka USB komanso fulashi yokhala ndi pulogalamu yaulere ya Clonezilla. Ndinkati ndi ntchito ya ola limodzi. Inatitengera tsiku lonse.

Choti mudziwe n'chakuti pulogalamuyi sikhululuka. Imafunsa disiki yochokera ndi disiki yopitira, ndipo yopitirayo imaifufuta yense isanalembepo. Mukazisemphanitsa, mumathira zopanda kanthu pamwamba pa ntchito yanu ya zaka. Madisikiwo siwatchula kuti "yakale" kapena "yatsopano", koma sda ndi sdb. Yakale inali ya 500GB, yatsopano ya 512GB. Pa chithunzi chosaoneka bwino, chojambulidwa pakhonde dzuwa likuswa mtengo, manambala awiriwa amafanana ngati mapasa.

Ine ndinkalankhula ngati ndili m'kalasi. "Sankhani source." Iwo: "Sosi ndiye uti?" Ndikati dinani Enter, uthenga unkafika patapita mphindi zisanu, iwo atadina kale china. Ndikapempha chithunzi, ankatumiza uthenga wa mawu wofotokoza chithunzicho. Mbewa ya kompyuta siigwira ntchito mu pulogalamu imeneyi, koma ine ndinaiwala kuwauza, ndiye ankangoyendetsa chala n'kumati makina auma.

Cha m'ma 2 koloko masana ndinapsa mtima. Ndinalemba kuti: "Malume, mungowerenga zomwe zalembedwazo basi, n'zosavuta!"

Panapita nthawi osayankha. Kenako anaimba. "Mphwanga, nditakuika m'chigafa lero, n'kukuuza pa foni kuti usankhe fodya m'magiredi ake, ungathe? Usandiuze kuti n'zosavuta. Ndiuze chimene ndikuona."

Manyazi anandigwira. Ndili ndi digiri ya kafalitsidwe ka mauthenga, koma ndinalephera kufikitsa uthenga kwa munthu mmodzi, mlongo wawo wa amayi anga. Vuto silinali mutu wawo. Munthu amene amasunga ngongole za anzake osasokoneza tambala si wolephera. Vuto linali ine, amene ndinkabwereza mawu a Chingerezi mokweza ngati kuti kukuwa kumamasulira.

Tinayambiranso. Choyamba tinazimitsa zonse, n'kutsegula Windows, n'kukopera mafailo a kalabu pa fulashi ina. Ichi ndinayenera kuyambira m'mawa, chifukwa disiki yodwala ikhoza kufera pakati pa ntchito. Kenako ndinati: "Malume, tili ndi nkhokwe ziwiri. Yakale ili ndi chimanga koma yadyedwa ndi chiswe. Yatsopano ilibe kanthu. Makinawa amayamba asesa nkhokwe imene mwaauza kuti athiremo. Tikalozera yolakwika, chimanga chonse chapita."

"Aaa, bwenzi utanena choncho kalekale," anatero.

Tinaika malamulo atatu. Osadina kanthu ndisanayankhe. Chithunzi chijambulidwe m'nyumba, osati padzuwa. Nambala iliyonse aiwerenge mokweza, ine ndiibwereze, ngati mmene amachitira poyeza mabelo pasikelo. Pulogalamu itafunsa kawiri ngati tikutsimikizadi, anawerenga pang'onopang'ono: "Faifi, wani, thuu." Imeneyo ndiye inali yoti isesedwe. Apo ndipo ndinati dinani y.

Ntchito inatha dzuwa litalowa. Mawa lake mnyamata wina wokonza mafoni pa Chamama anamasula laputopu n'kuikamo disiki yatsopano. Inayaka, mayina onse alimo. Yakaleyo amalume anaikulunga m'kansalu n'kuisunga m'sutikesi.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikuganizira anzanga ambiri amene timakhala m'tauni n'kumathandiza makolo pa foni, kaya ndi kutumiza ndalama, kulembetsa simu kapena kukonza kompyuta. Timathamangira kunena kuti akuluakulu samva zinthu zamakono. Koma mapulogalamu ngati Clonezilla salankhula Chichewa, ndipo womasulira amene alipo ndi ifeyo. Tikamasulira mwaulesi, olipira ndi iwo: mlimi amene ngongole yake yasowa, kapena amene mabelo ake sakuonekanso m'buku.

Sabata yatha amalume anaimbanso. Mlembi wa kalabu ina wagula disiki, ndipo akufuna thandizo. Ndinafunsa ngati ndimuimbire.

"Ayi mphwanga, ndimuthandiza ndekha. Ndamuuza kale za nkhokwe."