Za Trevor Noah, Wanthabwala wa ku Joni

M'mizinda ikuluikulu muli ntchito ina yodabwitsa. Munthu aimirira yekha pamaso pa khamu, wopanda ng'oma, wopanda womuvomereza, nalankhula ola lathunthu kuti anthu aseke, ndipo anthuwo alipira ndalama pakhomo. Akapanda kuseka, manyazi onse agwera iye yekha. Mmodzi wa anthu otere, amene mbiri yake yafika kutali, ndiye Trevor Noah. Mwezi uno tifuna kukuuzani kumene nthabwala zake zinachokera, ndi m'mene iye anaonera kutchuka.

Trevor anabadwa mu 1984 ku Johannesburg, kumene ife titcha ku Joni. Amayi ake, a Patricia, ndi Mxhosa. Atate ake ndi Mzungu wa ku Switzerland. Masiku amenewo lamulo la dziko la South Africa, limene linaikidwa mu 1927, linkaletsa Mzungu ndi munthu wakuda kukhalira pamodzi ngati mwamuna ndi mkazi. Chotero mwanayu anali umboni wa mlandu. Atate ake sankatha kuyenda naye pamsewu, ndipo agogo ake ku Soweto ankamutsekera m'nyumba, kuopa kuti apolisi angamutenge. N'chifukwa chake buku la moyo wake, la mu 2016, analitcha Born a Crime, ndiko kunena kuti kubadwa kwake komwe kunali kuphwanya lamulo.

Wina akadakula ndi mtima wowawa. Koma mnyamatayu anaona kuti lamulo lotere n'loipa, komanso n'lopusa, ndipo chinthu chopusa chiyenera kusekedwa. Anaphunzira Chingelezi, Chixhosa, Chizulu, Chisotho ndi zinenero zina. Iye asimba kuti tsiku lina anyamata a Chizulu anapangana kumulanda, poyesa kuti sakumva. Anacheuka nawayankha m'Chizulu chomwecho. Iwo anaseka, namuleka. Pamenepo anazindikira kuti munthu akamva chinenero chake m'kamwa mwa mlendo, mlendoyo asanduka mbale. Nthabwala zake zambiri zinamera pa muzu umenewu: atsanzira kalankhulidwe ka mitundu yosiyanasiyana, kuti mtundu uliwonse udzione ndi kudziseka.

Mphunzitsi wake woyamba anali amayi ake, amene ankapita naye ku matchalitchi atatu Lamulungu lililonse. Mu 2009 mwamuna wina amene anali atawakwatirapo anawaombera ndi mfuti m'mutu, koma sanafe. Ali chigonere m'chipatala, mwana wawo akulira, iwo anayamba kumuseketsa, kufikira onse awiri anaseka. Kuseka kotere sikuchepetsa tsoka ayi, koma kupatsa munthu mphamvu zolisenzera.

Mu 2015 anamuitana ku New York kuti alowe m'malo mwa Jon Stewart potsogolera The Daily Show, pulogalamu ya pa televizioni yoseka nkhani za akuluakulu a dziko. Poyamba Aamerika ambiri anamunyoza, nati mlendo adziwa chiyani za kwawo. Paja akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Iye anapirira zaka 7, ndipo dzina lake linakula kwambiri.

Tsono taonani chodabwitsa. Mu September 2022, popanda womuchotsa, analengeza kuti asiya mpandowo. Anafotokoza kuti analakalaka kuyendanso m'maiko, kuphunzira zinenero ndi kuima pamaso pa anthu. Potsazika mu December chaka chomwecho, anakumbutsa omvera kuti poyamba ankasowa anthu odzaza mipando, nathokoza akazi akuda amene anamulera ndi kumuphunzitsa, amayi ake ndi agogo ake. Zoonadi, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ife tiyesa kuti anasankha bwino. Wanthabwala adya za m'makutu mwake: akaleka kumvera anthu wamba, nthabwala zake ziuma monga chitsime cha m'chilimwe. Kutchuka kumutsekera m'nyumba, monga lamulo lija linam'tsekera ali mwana.

M'midzi mwathu namonso muli ana a pakamwa pokoma, oseketsa anzawo pa bwalo ndi pa dambwe. Inu makolo, musawaletse. Koma mverani bwino chimene akuseka. Akaseka wopunduka kapena wamasiye, adzudzuleni msanga. Akaseka kunyada ndi kupusa kwa ife tonse, alekeni, pakuti m'kamwa mwa mwana wotere mudzi udziona nkhope.