Mawu a Chingerezi onena za kuyamba akupunthwitsa ophunzira kwa Kabudula

Pa Nsaru palibe amene amasokoneza kuliza njinga yamoto ndi kuyatsa moto, kapena kutsegulira msonkhano ndi kuutsa mkangano. Zonsezi ndi kuyamba chinthu, koma mwana wa kwa Kabudula amadziwa yekha malo a liwu lililonse.

Vuto limabwera akalowa m'kalasi. Mphunzitsi amalemba pabolodi "begin", "start", "commence", "launch" ndi "initiate", n'kunena kuti awa ndi mawu ofanana matanthauzo. Ana amaloweza, ndipo polemba chimangirizo amangotola lomwe likumveka lapamwamba. Nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa wophunzira wa Fomu 4 sangalandire satifiketi ya MSCE kuchokera ku MANEB ngati walakwa Chingerezi, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi zaulimi.

Mawu awiri oyambawo, "begin" ndi "start", ndi akale m'chiyankhulochi ndipo nthawi zambiri amatha kulowana m'malo. Komabe pali ntchito zimene "start" amagwira yekha. Woliza chigayo, woliza galimoto ndi woyatsa moto amagwiritsa ntchito "start". Mwana akalemba "begin" ponena za injini, wochonga mayeso amadula mzere wofiira.

"Commence" adachokera ku Chifalansa, monga mawu ena ambiri a m'makhothi ndi m'maofesi amene adalowa m'Chingerezi pambuyo pa chaka cha 1066, pamene William wa ku Normandy adagonjetsa England. Mpaka lero liwuli limakhala m'makalata a ntchito, m'malamulo ndi m'mapangano. Amene walembedwa ntchito ku Lilongwe adzalipeza m'kalata yomuuza tsiku loyamba. Kuligwiritsa ntchito ponena za kudya nsima n'chimodzimodzi kuvala suti popita kudimba.

Mawu ena onena za kuyamba ali ndi mbiri zawo. "Embark" poyamba kudali kukwera chombo, n'chifukwa chake amayenera ntchito yaitali imene mathero ake sakuonekeratu. "Kick off" adabadwira m'bwalo la mpira ndipo m'kalata yofunsira ntchito alibemo malo. "Initiate" amanena za munthu woyambitsa chinthu chomwe ena adzapitirize, komanso za kulowetsa munthu m'gulu. Olemba za miyambo ya Achewa amagwiritsa ntchito liwu lomweli ponena za chinamwali ndi kumeta kudambwe.

"Inaugurate" ndi liwu la mwambo. Lidachokera kwa ansembe a ku Rome amene ankayang'ana mbalame kuti aone ngati milungu yavomera mtsogoleri watsopano. Amalawi adaona kusiyana kwa kuyamba ntchito ndi mwambo wotere m'chaka cha 2020. Lazarus Chakwera adalumbira pa 28 Juni n'kuyamba ntchito ya utsogoleri wa dziko, koma mwambo womulonga udachitika pa 6 Julayi ku Kamuzu Barracks.

Liwu lomwe anthu akumudzi ayenera kulimvetsa kuposa onse ndi "launch". Kale linkanena za kukankhira chombo m'madzi. Masiku ano ndi mwambo wokhazikitsa ntchito: akuluakulu abwera, gule wavinidwa, zoyankhula zayankhulidwa. Izi sizitanthauza kuti simenti yafika kapena kuti feteleza wotsika mtengo walowa m'depoti. Mlimi wa ku Nambuma akamva pawailesi kuti pulogalamu yakhazikitsidwa, adziwe kuti funso la tsiku loyamba kugula lidakalipo.

Pa ntchito zomanga, tsiku lenileni limapezeka pazikwangwani zimene makontirakitala amaimika pambali pa msewu kapena pamalo omanga sukulu. Pamenepo pamalembedwa "commencement date" ndi "completion date", kutanthauza tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza ntchito mogwirizana ndi pangano. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi ikadziwa kuwerenga mizere iwiriyi, imakhala ndi poyambira pofunsa khansala chifukwa chake njerwa zikumera ndere amisiri osaoneka.

Aphunzitsi a ku Mpingu, Namitete ndi madera ena akumudzi ali ndi chida chomwe ambiri amachinyalanyaza, ndicho Chichewa cha anawo. Ambiri mwa ana amenewa amamva Chingerezi kusukulu kokha, ndipo mabuku owerenga ndi ochepa. Koma amadziwa kale kuti kukhazikitsa bungwe n'kosiyana ndi kuika mwala wa maziko. Mphunzitsi akayambira pamenepo, n'kupereka liwu lililonse la Chingerezi m'chiganizo chonena za chigayo, mpira, khothi kapena msonkhano wa mfumu, mwana amagwira tanthauzo pamodzi ndi malo ake.

Aphunzitsi, chepetsani mindandanda yoloweza, muwapatse ana ziganizo. Nanu makolo ndi mafumu, mukamva kuti ntchito yakhazikitsidwa m'dera lanu, funsani tsiku limene iyambe ndi tsiku limene ithe.