Pikapu yotsitsidwa: onani izi musanakweze mwana kapena wodwala

M'madera ambiri pikapu yakale ndiyo imanyamula chimanga kupita kumsika, ana a kwaya kupita kumsonkhano, ndipo ambulansi ikachedwa ndiyo imathamangira kuchipatala ndi mayi woyembekezera. Masiku ano eni ena, makamaka achinyamata, akumatsitsa magalimotowa kuti thupi lake liyandikire pansi, ati azioneka bwino. Ena sanatsitse dala. Masipuling'i anangotopa ndi katundu, galimoto n'kukhala pansi yokha.

Kaya yatsika dala kaya ndi ukalamba, pikapu yotere siyendanso monga anaipangira kufakitale, ndipo amene amavutika nazo kwambiri ndi okhala kumbuyo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu lipoti lake la 2023 anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse. Ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29. N'chifukwa chake nkhani yooneka ngati ya amakaniko okha ikukhudzanso makolo ndi onse othandiza pa zaumoyo m'midzi.

Kunayambira kuti?

Mchitidwe wotsitsa magalimoto unatchuka mumzinda wa Los Angeles ku America, pakati pa achinyamata a mabanja ochokera ku Mexico, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha. Magalimoto awo ankawayendetsa pang'onopang'ono m'misewu yosalala ya m'tauni kuti anthu awaone. Mu 1958 boma la California linakhazikitsa lamulo loletsa galimoto kukhala ndi chitsulo chilichonse chotsika kuposa m'munsi mwa limu la tayala. Lamulolo linachotsedwa kumayambiriro kwa 2024, koma muyezo wake ndi wothandizabe: tayala likaphulika, galimoto iyenera kutsamira pa limu, osati kukhukhuza mimba yake pamsewu.

Kusiyana kwake ndi kuno n'koonekeratu. Pikapu ya kuno imakwera mahampu, imagwa m'maenje, imawoloka mitsinje yopanda mlatho, ndipo kawirikawiri imakhala yodzaza.

Zomwe zili pansi pa galimoto

Kumbuyo kwa pikapu kuli masipuling'i, zitsulo zazitali zosanjikizana zomwe zimalumikiza thupi la galimoto ndi ekiselo, mtanda wachitsulo womwe umagwira matayala. Kutsogolo kwa mapikapu ambiri akale, monga Toyota Hilux, Isuzu KB ndi Nissan Hardbody, kuli ndodo zachitsulo zotchedwa torsion bar, zomwe zimapotoka tayala likagunda chinthu, kenako n'kubwerera. Mashoko amaletsa galimoto kupitiriza kudumphadumpha. Pomalizira pali timphira tolimba pakati pa ekiselo ndi chasesi, toteteza kuti chitsulo chisawombane ndi chitsulo chinzake.

Mpata womwe uli pakati pa ekiselo ndi timphirato ndiwo umalandira nkhonya ya msewu. Kutsitsa galimoto ndi kuchepetsa mpata umenewu.

Otsitsa ena amaika zitsulo zochindikala pakati pa ekiselo ndi masipuling'i. Ena amamasula mabawuti a torsion bar. Njira zotsika mtengo, zomwenso ndi zoopsa kwambiri, ndi kuchotsa zitsulo zina pa masipuling'i, kapena kuwawotcha ndi moto wa gasi kuti awerame. Chitsulo cha sipuling'i chikawotchedwa chimataya mphamvu yomwe anachipatsa pochisula, ndipo chitha kuthyoka galimoto ili paliwiro. Kuchotsako zitsulo kumachepetsa katundu yemwe galimoto ingasenze, ngakhale chikwangwani chake chikunenabe kulemera kwakale.

Ubwino umodzi ulipo: galimoto yotsika simapendama kwambiri pokhota, choncho sikhala yapafupi kugubuduzika. Koma ubwinowu umaoneka pokhapokha ntchito yagwiridwa yonse, ndi zipangizo zopangidwira zimenezo, mashoko aafupi oyenerana nazo, komanso matayala atawongoledwanso ndi makina.

Mabuleki amanamizidwa

Pikapu yopanda katundu imapepuka kumbuyo, ndipo matayala akumbuyo sachedwa kutsetsereka dalaivala akaponda buleki mwamphamvu. Pofuna kupewa zimenezi, opanga mapikapu ambiri akale anaika kavavu kumbuyo, kolumikizidwa ndi ekiselo kudzera pa kandodo. Thupi la galimoto likatsika ndi kulemera kwa katundu, kavavuko kamalola mphamvu yochuluka kupita ku mabuleki akumbuyo. Katundu akatsitsidwa, kamachepetsa.

Kavavuka sikadziwa chomwe chatsitsa galimoto. Mwini akatsitsa thupi osakasinthanso, kamayesa kuti galimoto ndi yodzaza nthawi zonse. Zikatero matayala akumbuyo amatha kuyamba ndi iwo kuuma n'kutsetsereka, makamaka pamsewu wonyowa kapena wamiyala, ndipo kumbuyo kwa galimoto kumatembenukira kutsogolo. Mapikapu ambiri akale alibe ABS, makina oletsa matayala kuuma pogwira buleki.

Okhala kumbuyo alibe malamba, ndiye amaponyedwa kunja. Munthu woponyedwa pa liwiro la makilomita 50 pa ola amagunda chomwe wakumana nacho ndi mphamvu yofanana ndi ya munthu wogwa kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 10. Kuchipatala zotsatira zake timaziona m'mabala a m'mutu, m'makosi ndi m'misana yothyoka.

Nkhonya ya msewu imafika pamsana

Mpata uja ukachepa, ekiselo imagunda timphira, mwinanso chasesi yeniyeniyo, pa hampu kapena dzenje lililonse. Mphamvu yomwe masipuling'i akanameza imadutsa pachitsulo n'kufika kwa wokhala kapena wogona pamenepo. Kwa munthu wabwinobwino ndi kuwawa chabe. Kwa wothyoka fupa, kugunda kulikonse kumasuntha nsonga za fupalo, zomwe zitha kung'amba minofu ndi mitsempha ya magazi. Kwa wovulala khosi kapena msana, kusuntha kotere kutha kubweretsa kufa ziwalo kosachirika.

Tayala lomwe likudumpha siligwiranso msewu bwino, ndiye galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime. Kutsitsa kutsogolo kumapendamitsa matayala, n'kumadyeka mbali imodzi. Kukatsika kumbuyo kokha, magetsi akutsogolo amaloza m'mwamba n'kumathobwa m'maso anzake obwera kutsogolo usiku.

Utsi wosanunkha

Galimoto yotsika imakhula paipi ya utsi pa mahampu ndi pamiyala. Paipiyo ikabooka kapena kuduka, utsi umatulukira pansi penipeni pa okwera. Muutsiwo muli mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka ndiponso sununkha. Mpweyawu umamatirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, motero ubongo ndi mtima zimasowa mpweya wabwino.

Mu 1992 madokotala a mumzinda wa Seattle ku America anafalitsa zomwe anapeza pa ana 68 omwe anawathandiza atapuma mpweya umenewu. Mwa anawo, 20 anaupumira kumbuyo kwa pikapu, ambiri ali m'kati mwa denga lotseka ndipo ena atafunditsidwa lona. Kuno nthawi ya mvula ndi yachisanu timachita zomwezo, kufunditsa ana lona kuti asanyowe kapena kuzizidwa.

Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, kusanza ndi kuwodzera. N'zosavuta kuziyesa malungo kapena kutopa ndi ulendo. Mukaona anthu angapo a m'galimoto imodzi akudandaula chimodzimodzi nthawi imodzi, kapena mwana wagona tulo tovuta kumudzutsa, ganizirani utsi. Imitsani galimoto, zimitsani injini, tulutsani onse pamalo opita mphepo, ndipo pitani nawo kuchipatala ngakhale aoneke ngati atsitsimuka. Mukafika nenani kuti anali kumbuyo kwa galimoto, kuti apatsidwe okosijeni msanga. Mayi woyembekezera ayenera kuonedwa ndithu, chifukwa mwana wa m'mimba amavutika ndi mpweyawu kuposa mayi ake.

Zoyenera kuona musanakwere

Simufunika kukhala makaniko. Imani chapatali n'kuiyang'ana galimoto cham'mbali. Ngati kumbuyo kwatsika kuposa kutsogolo, kapena yapendekera mbali imodzi, masipuling'i atopa kapena katundu wachuluka. Onani ngati matayala akumbuyo atsala pang'ono kukhudza thupi, kapena ngati m'mbali mwake muli zizindikiro za kukhula. Weramani muone ngati pali chitsulo cholendewera kuposa m'munsi mwa limu. Onaninso paipi ya utsi: iyenera kutulukira kunja kwa thupi la galimoto, ndipo injini ikamalira mophulikaphulika chapansi, mwina paipiyo yabooka.

Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi yomwe imagwirizana ndi mwini pikapu kuti azinyamula odwala ichite zimenezi lero, usiku wa matenda usanafike. Mufunseni mwaulemu ngati galimoto inatsitsidwa, ngati masipuling'i anawotchedwa kapena kuchotsedwako, ngati kavavu ka mabuleki kanasinthidwa, komanso ngati chiphaso chake cha COF chikugwirabe ntchito.

Ngati galimoto ilipo ndi yomweyo, ana ndi mayi woyembekezera akhale kutsogolo, amange lamba. Wothyoka fupa mumange kaye ndi thabwa kapena katoni wolimba asanakwere. Amene mukumukayikira kuti wavulala khosi kapena msana anyamulidwe ndi anthu angapo atawongoka, agonekedwe pathabwa lalikulu kapena chitseko, wina atagwira mutu kuti usagwedezeke. Chepetsani okwera, musatseke lona mbali zonse, ndipo muuzeni dalaivala ayende pang'onopang'ono. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda womwe mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umawirikiza kanayi.

Kwa makolo omwe mwana wawo akufuna kutsitsa pikapu ya pakhomo, mufunseni kaye ntchito yomwe galimotoyo idzagwire. Ngati idzanyamulabe matumba a fetereza ndi anthu m'misewu yafumbi, ndalama yoitsitsira ndi bwino igule mashoko atsopano, masipuling'i abwino ndi paipi ya utsi yosabooka.