Bomba la ku Hiroshima linayambira mu mgodi wa ku Congo

Funsani aliyense amene anaonera filimu ya Oppenheimer kuti bomba loyamba la nyukiliya linachokera kuti, akuyankhani mosadodoma: ku Los Alamos, ku America. Sakunama, n'kumene analipangira. Koma kwa ine yankho limeneli n'loperewera, chifukwa uranium wambiri amene akatswiri aja anagwiritsa ntchito anakumbidwa konkuno ku Africa, pamgodi wa Shinkolobwe.

Mgodiwu uli ku Katanga, kummwera kwa DR Congo, kufupi ndi mzinda wa Likasi, osati kutali kwenikweni ndi malire a Zambia. Nthawi imeneyo dzikolo linali m'manja mwa atsamunda a ku Belgium. Miyala ya pamenepo inali yachilendo zedi: ina inali ndi uranium wofika 65 peresenti. Kuti mumvetse bwino, miyala ya ku Kayelekera kwathu ku Karonga siifika n'komwe 1 peresenti.

Albert Einstein ankadziwa za chuma chimenechi. M'kalata imene anasayina mu August 1939 yopita kwa Pulezidenti Franklin Roosevelt, anatchula Congo kuti ndiye gwero lofunika kwambiri la uranium. Mantha anali oti Germany ya Hitler ingayambe ndiyo kupanga bombalo.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi imandikomera. Edgar Sengier, bwana wa kampani ya Union Minière imene inali mwini mgodiwo, sanadikire kuuzidwa ndi boma lililonse. Mu 1940 anatumiza miyala yoposa matani 1,000 ku New York, n'kuisunga m'migolo yachitsulo ku Staten Island. Inangokhala phee pamenepo zaka ziwiri. Asilikali a America atayamba ntchito yachinsinsi ya Manhattan Project mu 1942 n'kumasaka uranium, anapeza kuti katundu ali kale pakhomo pawo. Tangoganizani!

Zotsatira zake mukuzidziwa. Pa 6 August 1945 bomba la uranium linagwa pa Hiroshima, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho anthu pafupifupi 140,000 anali atamwalira. La ku Nagasaki, patapita masiku atatu, linali la plutonium.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mufilimu ya maola atatu ija simuonamo Mkongo ngakhale mmodzi. Anthu amene ankakumba ndi kusankha miyala yoopsayo popanda zodzitetezera zokwanira anakwiriridwa ndi chinsinsi cha nkhondo, moti dzina loti Shinkolobwe silinkaloledwa kumveka.

A Belgium pochoka mu 1960 anatseka mgodiwo ndi konkire. Koma njala siopa konkire. Anthu anabwereranso kukakumba okha ndi mapiki, ndipo mu 2004 mbali ina inagumuka n'kupha anthu asanu ndi atatu. Ulendo uno ankafuna cobalt, mwala umene umalowa m'mabatire a mafoni ngati imene mwagwirayo. Cobalt woposa theka wa padziko lonse amachokera ku Congo komweko.