ZA NJOBVU TIKAMBE PAMODZI NDI MWINI MUNDA

Ku Mambwe, m'cigwa ca Luangwa, mlimi amabvutika ndi khasu dzinja lonse, koma njobvu n'kutsiriza munda wake usiku umodzi. Pa msonkhano mlimi amati njobvu iphedwe, a boma amati lamulo likana. Aliyense akaumirira pamenepo, anthu amabalalika ndi mkwiyo ndipo misampha ya waya imabwerera m'thengo.

Kodi pali njira ina yokambirana? Mu 1981 akatswiri awiri a ku Harvard, Roger Fisher ndi William Ury, analemba buku lophunzitsa kuti pa mkangano tiziyamba tafunsa cimene munthu akusowa kwenikweni. Mlimi akusowa nkhokwe yodzaza. Boma likusowa nyama zamoyo, pakuti alendo odzaziona amabweretsa ndalama. Zosowa ziwirizi zikhoza kukumana.

Taziona kwathu kuno. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003, linakhala pansi ndi opha nyama mobisa. Iwo anapereka mfuti ndi misampha, naphunzitsidwa ulimi, ndipo bungwelo limawagula mpunga, nshawa ndi uci. Njala itacepa, cifukwa colowera m'thengo cinacepanso.

Mai Elinor Ostrom a ku America, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anafufuza nkhalango, madambo odyetsera ziweto ndi malo ophera nsomba m'maiko ambiri. Anapeza kuti cuma ca onse cimasungika ngati eni ake atengako mbali popanga malamulo, ngati alonda amayankha kwa anthuwo, ndiponso ngati cilango ciyamba pang'ono n'kumakula munthu akabwereza.

Lamulo la nyama zakuthengo la 1998 linakhazikitsa ma Community Resources Board kuti anthu a m'midzi akhale ndi mau, ndipo la 2015 linawasunga. Tsono funso ndi ili: kodi amalankhula kumeneko ndani? Ngati mai wamasiye amene amagona m'munda kuimba zitini sanafunsidwe, cogwirizanaco sicidzagwira nchito.

Malemu Papa Francis, m'kalata yao Laudato Si' ya 2015, anaphunzitsa kuti eni dera ayenera kupatsidwa malo oyamba pokambirana za cilengedwe. Akhristu anzanga, mutu umodzi susenza denga. Amfumu akaitana msonkhano tipite, titenge amai ndi acinyamata, tifunse m'mene ndalama za nyama zayendera, ndipo tinene poyera zimene tikusowa. Tikakhala kunyumba, ena adzatipangira malamulo.